Matambula Anu Ndawatulutsa M'kabati

Amayi anga, kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Benadeta, mwana wanu woyamba. Ndati ndidzitchule dzina chifukwa papita zaka ziwiri chikuikireni m'manda, ndipo sindinakulembereni ngakhale kamodzi. Ndikudziwa zomwe mukunena: "Ameneyo akakhuta amaiwala kwawo." Sindinaiwale ayi. Ndinali ndi nkhani imodzi yomwe ndinkafuna iyambe yatha, kuti ndisakuuzeni theka. Tsopano yatha, ndiye khalani pansi bwinobwino, chifukwa m'nkhaniyi muli mlandu wanga, mulinso wanu.

Koma ndiyambe ndi za kumudzi, mungati sukulu inandichotsa ulemu. Fulugensi wanu, kuchikamwini kwake kuja, amupatsa mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mwanayo watenga ndi mawu anu omwe: akalira, nkhuku zimathawa pabwalo. Chimanga chaka chino sichinaipe, ngakhale kumunda wa kumtsetse kuja madzi anakokolola mizere ya kumunsi. Mtedza tinakumba wokwanira. Chigafa cha fodya cha amalume a Lufeyo chinagwa ndi mphepo, ndipo iwo akuti ndi chiswe, osavomera kuti mitengo anaika yowonda. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, ndipo khalidwe lake lolowa m'minda ya eni silinasinthe. Msewu wopita ku Boma ukadali momwe munausiyira, dzinja likafika timangoupatsa ulemu. Amayi a kumphakati amakutchulanibe m'mapemphero. Abambo muwapatse moni, muwauzenso kuti denga lija ankati akonza mawa tinakonza tokha.

Tsopano za Yasinta, mzime wanu. Mukukumbukira zomwe munandiuza kuchipatala, kutatsala masiku atatu kuti mutisiye? Munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Benadeta, uyu asathere pamtondo ngati ine." Ndinavomera mosavuta, monga munthu amavomerera chilichonse akakhala pafupi ndi bedi la wodwala. Maliro anu anagwa pakati pa Fomu 4 yake, ndipo mayeso aja analephera.

Zotsatira zitatuluka, amalume anatiitana pansi pa mtengo wa mango uja. Mlongo wanu mukumudziwa, sakuwa, amangolankhula pang'onopang'ono mpaka iwe kusowa poyankha. Anati, "Mwana wayesa, zakanika. Munda wa mayi ake ukusowa mwini, ndipo mnyamata wogula soya wa ku Malomo uja watumiza kale mawu. Tidikirenso chiyani?" Sankanena mwankhanza ayi, iwo ankangoona tchire likulowa m'munda wa mlongo wawo. Ndinagwada, Amayi, ine ndi uphunzitsi wanga wonse, mawondo m'fumbi, n'kupempha chaka chimodzi. Anati, "Chimodzi. Chikakanika chimenechi usadzandigwadirenso." Choncho ndinamutenga kudzakhala nane kuno kuseri kwa Kasakula, pasukulu yomwe ndimaphunzitsa, kuti abwereze.

Inu simunamvetse kwenikweni chomwe ndimaphunzitsa. Anzanu akakufunsani munkati, "Amaphunzitsa zosakaniza mankhwala," ndipo ena ankabwera kwa ine mutu ukawapweteka. Lero ndikufotokozereni chinthu chimodzi chokha, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Kuli chiwiya china chagalasi chomwe timachitcha fanele yolekanitsira. Maonekedwe ake ali ngati peyala lozondotsa, kumtunda kotupa, kumunsi kosongoka. Pamwamba pali pothirira pokhala ndi chotsekera, pansi pali kampopi ndi kapaipi kotulukira. Ntchito yake ndi kulekanitsa zinthu ziwiri zamadzimadzi zomwe sizigwirizana, monga madzi ndi mafuta. Inu izi mukuzidziwa kale. Mukaphika nkhuku yonona, mafuta ankayandama pamwamba pa msuzi, inu n'kumawengula ndi supuni. Kungoti supuni imatenga ndi msuzi womwe. Fanele imachita ntchito yomweyo kuchokera pansi, ndipo siba kanthu. Umathira zosakanizazo, n'kuiimika pachogwirira chake, n'kudikira. Madzi, poti ndi olemera, amakhala pansi, mafuta amakwera, ndipo pakati pawo pamaoneka mzere. Ukatero umatsegula kampopi pang'ono, madzi n'kumatsikira m'kapu, maso ako ali pamzere uja. Mzerewo ukangofika pakampopi, umatseka. Ukachedwa, mafuta alowa m'madzi. Ukafulumira, madzi atsala m'mafuta. Ija munkatiuza tikamasankha nyemba ija, yoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ntchito yake yonse.

Koma pali kanthu kamodzi. Usanatsegule kampopi uyenera kuchotsa chotsekera cha pamwamba. Ukaiwala, amatsika madontho owerengeka, kenako zii. Palibe chawonongeka, chinthucho chikungofuna kupuma. N'chimodzimodzi chitini cha mafuta chija munkachiboola mabowo awiri, lina lotulukira mafuta, lina lolowera mpweya.

Zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa zaka zisanu ndi ziwiri ndi choko basi. Ndimajambula bwino, musandipeputse. Fanele yanga ya pabolodi ndi yokongola kuposa ya m'buku, ndipo ana amaikopera ndi rula. Sikuti zipangizo zenizeni tilibe. Anthu akufuna kwabwino anapereka mabokosi awiri ine ndisanafike pasukulu pano, ndipo amakhala m'kabati muofesi ya ahedi. Amatuluka kukamabwera alendo. Timayala nsalu patebulo, kundandalika magalasi, alendo kujambula zithunzi, ife n'kubwezeramo galimoto yawo isanakhote n'komwe. Kiyi mmodzi amasunga ahedi, wina ndakhala naye ine m'chikwama zaka zonsezi. Kodi zimenezi sizikukukumbutsani kanthu?

Matambula anu aja, Amayi. Asanu ndi limodzi, a mzere wagolide m'milomo, omwe abambo anagula pa Mponela chaka chomwe fodya anachita bwino. Ankakhala m'kabati, ozondotsa, pakansalu koluka ndi manja anu. Ife tinkamwera m'makapu apulasitiki otafunidwa m'milomo, inunso chimodzimodzi. Tikafunsa munkati, "Amenewo ndi a alendo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma komwe akupita amakasimba." Inu muli moyo ndinawaona atatuluka katatu kokha: ansembe atabwera kudzadalitsa nyumba, pachinkhoswe cha Fulugensi, ndi tsiku lomwe kunabwera mlangizi wa zaulimi, amene anakana n'komwe kumwa. Kachinayi anatuluka pamaliro anu.

Ndipo mukudziwa chifukwa chake anatsala asanu. Yasinta anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Inu munali kudimba, iye anakwera pampando n'kutenga limodzi kuti amweremo madzi, aone ngati amakoma mosiyana. Linamupulumuka. Amene anathamangira kudimba kukanena ndine, mtsikana wamkulu wa kusekondale, wofuna kuoneka wabwino. Munathyola kanthambi ka pichesi, ndipo poti iye ankabisa manja kumbuyo, munati, "Benadeta, mugwire." Ndinamugwira. Munkakwapula tizikhato tija uku mukunena kuti, "Manja awa asadzagwirenso galasi!" Sindikukuimbani mlandu nokha, ndanena kale kuti muli wanu ndi wanga. Ndikukumbukanso kuti tsiku lomwelo munamukazingira dzira, iye yekha, ndipo tonse tinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Teremu yachiwiri tinapita ndi ana kukalemba moko, mayeso oyeserera aja, pasukulu ina yaikulu yomwe ili ndi labu yeniyeni. Aphunzitsi timathandiza kukonza matebulo, kenako timaima pakhomo osaloledwa kulankhula. Funso limodzi linali lomweli: nawa madzi osakanikirana ndi mafuta ophikira, lekanitsani. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa notsi zimenezi Yasinta anaziloweza ngati Atate Athu.

Ndinamuona akuyandikira fanele ija ngati imaluma. Anathira, n'kutseka pamwamba, n'kudikira. Mzere unaoneka bwinobwino. Anatsegula kampopi. Madontho atatu, anayi, kenako zii. Anapotoza kampopi uku, anapotozanso uko, osatuluka kanthu. Ine pakhomo ndikukuwa mumtima: chotsa chotsekera, mwana iwe, chotsa! Iye anayang'ana kumanja, kumanzere, n'kutseka kampopi pang'onopang'ono, n'kubwerera m'mbuyo. Kenako anabisa manja kumbuyo, Amayi, monga tsiku lija. Anaima choncho mpaka belu, ndipo mafunso ena onse ofuna kugwira galasi sanawayandikire.

Titatuluka ndinamukokera kuseri kwa kalasi, ndili lawilawi ndi mkwiyo. "Iwe, sunalembe ndi dzanja lako m'kope kuti chotsekera amachotsa?"

Anati, "Ndinalemba, achemwali. Koma zitasiya kutuluka ndinangoti basi ndathyola chinthu cha eni. Ndimaopa kuti ndikachikhudzanso chisweka, ndiye mundigwira."

Sananene kuti andimenya. Anati mundigwira. Ndinakhala pansi pomwepo pakhonde, siketi yanga yabwino ija m'fumbi. Nditamufunsa za chaka chatha, anaulula kuti nakonso sanagwire kanthu, anangolemba dzina ndi nambala n'kumaonera anzake. Ine chaka chonse ndinkauza anthu kuti analephera chifukwa cha maliro. Maliro analipo, inde, koma chinamugwetsa ndi kanthambi ka pichesi ndi manja angawa. Manyazi omwe ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Lolemba m'mawa ndinalowa muofesi ya ahedi kiyi ali m'manja. Ahedi athu si munthu woipa. Ndi bambo wosamala, amasunga ngakhale tizidutswa ta choko m'kachitini. Atamva chomwe ndabwerera anati, "Madamu, ana awa manja awo anazolowera khasu. Mukawapatsa magalasi lero, pofika Lachisanu tikhala tikusesa. Nanga alendo akabwera tidzawaonetsa chiyani?" Ndinatsala pang'ono kuseka, chifukwa ndinamva mawu anu akutuluka mwa bambo wovala tayi. Ndinati, "Ahedi, alendo aja salemba mayeso." Tinakokanakokana mpaka belu la buleki. Potsiriza anapukusa mutu n'kunena kuti, "Chabwino, koma makolo akafunsa mukayankha nokha." Ndinati ndikayankha.

M'bokosi munali mafanele awiri, okutidwa ndi nyuzipepala zofiirira ndi ukalamba. Ndinatenga yoyamba, monyadira, kuti ndiwaonetse ahedi momwe kampopi kamayendera. Kampopi sikanasunthe. Galasi likakhala pagalasi linzake zaka zambiri, osalisuntha, osalidzoza, zimagwirana mpaka kukhala chinthu chimodzi. Ine mwana wanu waphuma ndinakakamiza. Khosi la fanele linathyokera m'manja mwanga n'kundicheka chala chachikulu, ahedi akuona ndi maso awo. Anangoti, "Mwaonatu."

Ndinayankha magazi akudontha pasimenti yawo yopolishidwa, "Ndaona, ahedi. Chimenechi chinafera kale m'bokosi ife tikuchisunga." Pakamwa ndinalimba choncho, koma mantha ndinali nawo, chifukwa inatsala imodzi, nayonso yogwirana, ndipo mayeso anali atatsala miyezi itatu.

Yachiwiriyo ndinaisamala ngati khanda lobadwa masiku asanakwane. Ndinkaiviika m'madzi ofunda m'mawa ndi masana, n'kumagogoda kampopi pang'onopang'ono ndi pensulo, osaikapo mphamvu. Lachiwiri palibe, Lachitatu palibe. Lachinayi masana ndinangomva kakusuntha pansi pa chala changa. Ndinakatulutsa, kukatsuka, n'kukadzoza mafuta odzola aja munkatipaka m'miyendo mwezi wa chisanu. Ndinavina ndekha m'kalasi yopanda munthu, chala chili ndi bandeji.

Ndinkaganiza kuti ndathana nazo, koma ayi. Ana ena anathamangira kutsogolo kulimbirana kugwira. Yasinta anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, manja ali komwe mukukudziwa. Ndikamuitana ankati, "Ayambe anzanga, madamu." Mpamene ndinazindikira kuti matendawa anayambira kunyumba, ndipo mankhwala ake ali kunyumba komweko.

Pogawa katundu wanu matambula anagwera ine. Musaseke, Amayi: nditafika nawo kuno ndinawazondotsa m'kabati yanga, pakansalu komwe kaja, ndipo ife tinapitiriza kumwera m'pulasitiki. Loweruka lina masana ndinatulutsa awiri, n'kuthiramo thobwa, n'kumuitana.

"Imwa."

"Kukubwera ndani, achemwali?"

"Palibe."

"Ndiye ndimwera m'kapu yanga."

Ndinasonkhanitsa makapu onse apulasitiki a m'nyumba muno, n'kukawapereka kwa mayi woyandikana nafe, amene mpaka lero akuganiza kuti ndinazungulira mutu. Nditabwerera ndinakhala naye pamphasa n'kutenga manja ake. Anadzidzimuka, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anafuna kuwabweza. Ndinati, "Yasinta, tsiku lija ndinalakwa. Ndinakunenera, ndinakugwiranso. Lija linali galasi chabe, iwe unali mwana." Ndinamupepesanso m'malo mwanu, Amayi. Ngati ndinapitirira malire mudzandikalipira tikadzaonana, koma ine ndikudziwa kuti dzira lija kunali kupepesa kwanu. Kungoti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amadya dzira osadziwa kuti likunena chiyani.

Analira, ine ndinalira, thobwa likutidikira. Kenako ananyamula tambula ndi manja awiri, n'kumwa pang'ono. Anati, "Ndiye kukoma kwake n'komweku?" Tinaseka mpaka mayi wa makapu uja anasuzumira pampanda.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yotsuka matambula inakhala yake. Patapita masabata awiri, ndili m'nyumba ndikuchonga makope, ndinamva phwaa panja, kenako bata. Ndisaname, mkwiyo wanu uja unandikwera, ndipo ndinayamba ndawerenga mumtima mpaka khumi. Nditatuluka ndinamupeza ataima pafupi ndi thandala, manja kumbuyo, maso ali pa ine. Ndinamupatsa tsache n'kunena kuti, "Sesa, utenge lina." Ndinabwerera ku makope anga ngati palibe chachitika. Ndiye dziwani kuti atsala anayi.

Lolemba lotsatira anapita kutsogolo yekha, osaitanidwa. Ulendo woyamba anachedwa kutseka, mafuta analowa m'madzi. Anathiranso. Wachiwiri anafulumira. Wachitatu mzere unaima pakampopi penipeni, ndipo kalasi inaomba m'manja ngati wagoletsa chigoli. Kuchokera pamenepo fanele imodzi ija sinapumenso. Ndinawagawa ana m'magulu, ena m'mawa tisanalowe m'kalasi, ena tikaweruka. Mtsikana wina anabweretsa petulo yemwe mchimwene wake wa kabaza anagula m'botolo pamsewu, njinga n'kumatsokomola. Tinalekanitsira panja, kutali ndi moto, ndipo pansi panatuluka madzi okwana kumwetsa nkhuku. Mawa lake anyamata a kabaza a pa Kasakula anayamba kundipatsa moni wa maulemu onse.

Tinatulutsanso magalasi ena olekanitsira zinthu zomwe zimagwirizana, monga madzi ndi mowa, zomwe fanele singazithe chifukwa sizipanga mzere. Zimenezo zimafuna moto: umatenthetsa, chopepuka chimayamba kuuluka ngati nthunzi, n'kudutsa m'paipi yozunguliridwa ndi madzi ozizira, n'kudontha kwinako. Ndili pakati pofotokoza mwaulemu wonse, mwana wina kumbuyo anati, "Madamu, kumeneko si kutcheza kachasu?" Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Zaka zonsezi ndinkawavutitsa ndi zojambula, pomwe theka la iwo anakulira pafupi ndi mphika ndi paipi.

Kusweka zinasweka, sindibisa. Makapu agalasi awiri omwe timati mabika, timachubu tingapo. A komiti ya makolo anandiitana, ndipo ndinakayankha monga ndinalonjezera. Ndinapita ndi fanele yothyoka ija m'thumba, n'kuiika patebulo, n'kuwauza kuti iyi sinaswedwe ndi mwana, inaphedwa ndi kabati. Bambo wina wachikulire anati, "Khasu losunga m'nyumba limadyedwa ndi dzimbiri, aphunzitsi akunena zoona." Nkhani inathera pomwepo. Ahedi nawo anayamba kumaima pawindo, akuti akuyendera. Tsiku lina analowa, n'kupinda malaya, n'kunena kuti nawonso anaphunzirapo zimenezi kale. Anathira, anadikira, anatsegula kampopi. Madontho atatu, kenako zii. Anayamba kutuluka thukuta, akuyang'ana kwa ine. Amene analankhula ndi mzime wanu, mwaulemu wake wonse: "Ahedi, chotsani chotsekera, chipume."

Tsopano mverani izi. Tsiku la mayeso enieni fanele ija sinabwere n'komwe. Miyezi itatu ya madzi ndi mafuta, osafunsa ngakhale dzina lake! Kunabwera ntchito ina, yodonthetsa mankhwala kuchokera m'chubu chachitali chagalasi kulowa m'kabotolo, dontho limodzilimodzi, mpaka mtundu utasintha. Ine sanandilole kuyandikira chipindacho chifukwa m'katimo munali m'bale wanga. Ndinakhala pansi pa mtengo wa bulugama ndikupemphera korona, ndipo ndikuganiza kuti ndinalumpha mikanda yambiri.

Pa nkhomaliro mphunzitsi wina wochokera ku Dowa, yemwe ankayang'anira mayesowo ndipo sankandidziwa, anayamba kusimbira anzake. Anati, "Muli kamtsikana kena umo kandidabwitsa. Kali pakati pa ntchito, chigongono chagunda kabotolo, phwaa pansi, chipinda chonse kutembenuka. Ine ndimati basi kalira, zathera pomwepa. Koma kangokweza dzanja m'mwamba, n'kunena kuti, 'Sala, ndaswa. Ndithandizeniko tsache ndi kabotolo kena.' Kasesa, kayambiranso, kamaliza nthawi isanathe." Ndinamufunsa kuti tebulo liti. Anati lachitatu, la pawindo, wa tsitsi lometa, wa kachipsera pachibwano. Kachipsera kaja ka pamwala wa kudimba, Amayi. Ndinasiya mbale yanga pomwepo n'kupita kuseri kwa kalasi, ndipo aphunzitsi anzanga anaganiza kuti ndatsamwa.

Zotsatira zatuluka sabata yatha. Wakhoza, ndipo phunziro langali ndi lomwe wakhoza bwino kuposa onse.

Lamulungu titaweruka ku Misa amalume anafika pa kabaza, atavala jekete lawo la maukwati. Ndinawayalira mpando, Yasinta n'kubwera ndi thobwa m'tambula, n'kugwada. Iwo sanalandire msanga. Anayang'anitsitsa mzere wagolide uja n'kufunsa kuti, "Awa si a alendo aja?" Ndinati ndi omwewo, koma masiku ano timamweramo tonse. Analandira ndi manja awiri, n'kulitembenuza, n'kufunsanso, "Kodi mlongo wanga anamwerapo umu?" Ndinati ayi. Anayang'ana m'tambulamo. Kenako anati, "Mnyamata wa soya uja ndikamuuza ndekha. Munda ndizilima ine mpaka mwini wake adzanene chochita. Mwana apite." Anamwa lonse, osasiya ndi masese omwe.

Funso lawo lija landikhala pamtima. Mukukumbukira sabata yomaliza musanapite kuchipatala, nditakubweretserani madzi omwera mankhwala? Tsiku limenelo ndinatsegula kabati, n'kuthira m'tambula, chifukwa mtima unkandiuza kuti nthawi yatha. Munaliyang'ana, milomo itauma, n'kunena kuti, "Bwezera, ungaswe." Ndipo ine ndinabwezera. Ndinakupatsani m'kapu yobiriwira yotafunidwa ija. Pa zonse zomwe ndinakumverani pa moyo wanga, chimenechi ndicho chimandiwawa.

Yasinta akuti akufuna kukaphunzira ntchito ya mulabu ya chipatala, yoyeza magazi, komwe azikagwira magalasi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Mafomu tatumiza kale. Njira ikadali yaitali, malo ndi ochepa, ndipo mwina chaka chino sangamutenge. Akapanda kumutenga tidzatumizanso, ndipo ndikadzafunika kugwadanso pena pake, mawondo ndili nawo. Pamtondo sathera, Amayi, pokhapokha ine nditabwera kumeneko msanga, ndipo sindikufulumira. Kusukulu nako kabati ija sindidzaitsekanso. Kiyi ndinamuchotsa m'chikwama, ali pamsomali pafupi ndi bolodi, pomwe mwana aliyense angafikire.

Tagwirizana ndi Fulugensi ndi amalume kuti tikakolola timange chiliza chanu. Tsiku limenelo tidzabwera tonse, ndi kamwana kotenga dzina lanu komwe. Ine ndidzanyamula tambula limodzi mwa anayi aja, ngati adzakhale akadali anayi. Yasinta adzatunga madzi pachitsime chanu cha kudimba, adzalinyamula yekha kukwera chitunda chonse chija, ndipo tidzathirira maluwa a kumutu kwanu. Musadzandiuze kuti bwezera, chifukwa ulendo uno sindidzamvera.

Tsalani mumtendere, Amayi. Ndimakukondani monga kale, ndi kanthambi ka pichesi komwe, ndi dzira lomwe.

Ndine mwana wanu,
Benadeta